Chizungulire changa chimachokera m'khutu

Kuno ku Nsanje munthu akamva chizungulire timafulumira kunena kuti ndi dzuwa kapena malungo, koma changa chimachokera mkati mwa khutu. Adokotala anandifotokozera kuti m'khutu muli timiyala ting'onoting'ono, ndipo timiyalati tikasuntha n'kulowa m'timachubu ta madzi tomwe timathandiza thupi kuima bwino, nyumba yonse imaoneka ngati ikuzungulira, makamaka ndikatembenuka pamphasa. Nthawi zambiri sichipitirira mphindi imodzi, komabe chimaopsa. Anandigoneka n'kupendeketsa mutu wanga motsatira njira ya Epley, yomwe imabwezeretsa timiyalato pamalo pake, ndipo ndinapezako bwino.

Masiku ano ndimadzuka pang'onopang'ono, ndipo chikandiyamba sindikwera njinga kapena bwato pa Shire. Chizungulire chikabwera pamodzi ndi dzanzi la mkono kapena kulephera kuyankhula, thamangirani kuchipatala msanga, chifukwa mwina ndi sitiroko.