Lipoti la ulendo wathu wokaona ana akuphunzira sayansi ku Glen View

Loweruka lapitali ife makolo ndi aphunzitsi a Sande sukulu a ku Mufakose tinakwera kombi kupita ku Glen View, dera linanso la mumzinda wathu wa Harare, kusukulu ina ya pulayimale kumene ana a Giredi 3 ndi 4 amaphunzira sayansi pochita okha ndi manja. Tinkafuna kuona ngati nafenso tingayambitse zoterezi kutchalitchi kwathu.

Tinapeza mabenchi atakankhidwira kukhoma, ana atakhala pansi m'timagulu. Gulu lililonse linali ndi botolo lapulasitiki lodula pakati, kansalu, makala osinja, mchenga ndi timiyala. Aphunzitsi awo, mayi odekha kwambiri, sanawauze kuti chiyambe n'chiti. Anangoika chidebe cha madzi amatope pakati n'kunena kuti, "Ana inu, ndikufuna madzi oyera." Gulu lina linaiwala nsalu, mchenga wonse n'kutulukira kukamwa kwa botolo. Kamtsikana kena misozi inali italengeza kale, koma anzake anakhuthula zonse n'kuyambiranso: nsalu kukamwa, kenako makala, mchenga, timiyala pamwamba. Madontho oyamba anatuluka akuda bii chifukwa cha fumbi la makala, pang'ono ndi pang'ono n'kuyamba kuyera.

Pamene ndinagoma nawo mayiwa ndi apa. Mnyamata wina ananyamula kapu kuti amwe, iwo n'kumugwira dzanja. "Mwanawe, kodi tizilombo ta kolera umationa ndi maso?" Anawafotokozera kuti sefa yotereyi imagwira dothi koma tizilombo timadutsa, choncho madziwo awiritsidwe kaye kapena athiridwe kolorini. Ku Glen View nkhaniyi si yongowerenga m'buku ayi. Mliri wa kolera wa 2018 unasautsa kwambiri komweku ndi ku Budiriro, ndipo mipopi ikauma anthu amadalirabe mijigo ndi zitsime. Aphunzitsiwo anawauzanso ana kuti madzi a mu Lake Chivero amayamba adutsa ku Morton Jaffray, kumene amasefedwa ndi kuthiridwa mankhwala asanalowe m'mapaipi a mzindawu.

Titapuma panabwera mabatire, timababu ta tochi ndi mawaya ogula kumsika wa Siyaso ku Mbare. Ana amayesa supuni, kamtengo, pulasitiki, kuona chimene chiyatse babu. Mtima wa pensulo utayatsa babu mozimirira, phokoso lake linali ngati wina wagoletsa chigoli kubwalo la mpira la Rufaro.

Chimodzi chokha chinandidandaulitsa: atsikana ena amangolemba zotsatira, mawaya ali m'manja mwa anyamata. Kwathu tidzasinthanitsa.

Pobwerera tinagwirizana kuyamba ndi sefa ya madzi, poti siifuna ndalama, ndipo tiziphunzitsa m'Chichewa, chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a Zimbabwe a 2013. Za mabatire tinasiyana maganizo: ena akuti tisonkhe, ena akuti lichokere m'thumba la mpingo. Tikambirana Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, ndipo aliyense abwere ndi botolo la malita awiri.