Lamba wa ku Limbe pa BMW ya 1938

Kwathu ku Ndirande chinthu chikatha timasintha. Mpando wa galimoto ukang'ambika timapita nawo kwa wosoka, penti ikasuwa timapopera ina, mwini wake n'kutigulira Fanta. Nzeru imeneyi ndinapita nayo ku Mangalande, komwe ndinapeza ntchito pa garaja ina ya magalimoto amakedzana kunja kwa Coventry, ndipo inatsala pang'ono kundidyetsa chibalo mwezi woyamba womwe.

Lolemba lina kunabwera BMW 328 ya mu 1938, yopanda denga, ya mipando iwiri, yoyera, koma kuyera kwake kwa mano a munthu wosuta chingambwe. Bwana anaitsitsa pa lole ngati akutsitsa mkwatibwi. Atatero anatiimika tonse n'kuyamba ulaliki. Akuti zimenezi zinkapangidwa ku Eisenach, tauni ya ku Germany, kuyambira 1936 mpaka 1940, ndipo zonse pamodzi zinangokwana 464. Tsiku loyamba kuonekera pagulu, pa mpikisano wa ku Nürburgring mu 1936, Ernst Henne anapambana nayo, kenako mu 1940 ina ya mtundu womwewu, yovekedwa bode yokhala ndi denga, inapambana mpikisano wa Mille Miglia ku Italy. Yathuyi inali ya chiwongolero cha kumanja, mwa zija zinkagulitsidwa ku Britain pa dzina la Frazer Nash-BMW. Eni ake anali agogo ena aakazi, ndipo bambo awo ndi amene anaigula ili yatsopano.

Ine pamene ulaliki uli mkati ndinkangoyang'ana chikopa cha mipando, chong'aluka ngati dambo mwezi wa Okutobala. Ndinafunsa kuti penti ndi chikopa chatsopano tiitanitsa liti. Garaja yonse inangoti zii, ngati ndatukwana apongozi pamaliro.

"Injini ndi mabuleki tikonza," anatero bwana. "Penti, chikopa ndi china chilichonse chimene chinachoka nacho ku fakitale, usakhudze. Ming'alu ukuionayo ndiye ndalamazo."

Ndinavomera ndi mutu, mumtima ndikuti azungu ndalama zikawachulukira amayamba kugula umphawi.

Koma injini ija, abale, ndiivulire chipewa. Masilinda sikisi, malita awiri osakwana bwino, makabureta atatu a Solex atandandalika pamwamba ngati miphika ya pachinkhoswe. Kamushafuti ndi imodzi yokha, ili cham'munsi m'mbali, koma amisiri ake anaika timitengo tachitsulo tina topingasa pamwamba kuti tizikankha mavavu a mbali inayo. Mphamvu ya mahatchi 80 pa kagalimoto ka makilo 830, liwiro mpaka makilomita 150 pa ola, nthawi imene agogo anga ankayenda wapansi kupita ku Salisbury kukafuna ntchito. Kulinganiza makabureta atatuwo kuti azipuma mofanana kunatitengera masiku atatu. Mnzanga wa ku Poland ankamvetsera ndi kapaipi kukhutu ngati sing'anga.

Lachisanu linafika, tsiku loti agogo aja adzaone pamene tafika. Bwana anapita kukawatenga ku siteshoni, anzanga anapita kukamwa tiyi, ine anandisiyira kantchito ka mwana: tseka boneti, pukuta fumbi.

Boneti ya 328 imamangidwa ndi malamba awiri achikopa odutsa pamwamba pake, okhala ndi zomangira ngati za lamba wa buluku. Woyamba ndinamanga bwinobwino. Wachiwiri anali wouma, bowo silinkafika. Munthu woganiza akanadikira. Ine ndinakumbukira mmene timakungira thumba la makala pa njinga, ndinaponda tayala ndi phazi limodzi, n'kukoka.

Du!

Chikopa chopulumuka nkhondo ya Hitler chinafera m'manja mwa mwana wa ku Ndirande. Ndinaima ndi chidutswa m'manja, thukuta lili kamukamu pomwe kunja kunali chisanu. Ndinayesa guluu, anakana. Ndinaganiza za waya, ndinadzimvera chisoni ndekha. Ndiye maso anatsikira m'chiuno mwanga.

Lamba wanga anali wa chikopa chenicheni, wofiirira, amene mayi a kunyumba anandigulira pa kaunjika mu msika wa Limbe ndikunyamuka. M'lifupi mwake ndendende. Ndinamuvula, ndinaboola mabowo awiri, ndinamupaka girisi ndi fumbi la pansi kuti akalambe msanga, n'kumumanga. Ukaima patali, patali ndithu, sukanadziwa. Chidutswa chija ndinaponya m'thumba.

Vuto linali loti ovolosi yanga inali kochapa, ndipo buluku ndinavala tsiku limenelo ndinagula ndili ndi mimba ya nsima ya kwathu, imene masangweji a kuno anali ataimaliza kalekale.

Anafika. Agogo ang'onoang'ono, ndodo m'manja, maso akuthwa ngati a mphamba. Bwana anati tiikankhire panja kuti aione powala, poti batire tinali titachotsa. Ndinathamangira kumbuyo, pamene tayala la sipeya limakhala litamira m'bode, dzanja limodzi pa galimoto, linalo litagwira buluku.

"Manja onse awiri!" anakuwa bwana. Pakhomo pa garajayo pali kachitunda.

Ndinatayanitsa miyendo ngati wokwera bulu, n'kukankha. Sitepe yoyamba, buluku linagwira. Yachiwiri, linatsikira m'matako. Galimoto ili pakati pa kachitunda, posatheka kuisiya poti ikanandibwerera, linangoti pholokoto mpaka mu akakolo. Kabudula wamkati anali uja wa mizere yofiira, wotha kumbuyo. Ndinamaliza chitundacho ndikudumpha ngati mbuzi yomangidwa miyendo, ndipo chidutswa cha chikopa chinagwa m'thumba n'kukagona pafupi ndi ndodo ya agogo.

Anachitola ndi dzanja lawo. Anayang'ana boneti, anayang'ana ine, anabwereranso ku boneti. Bwana nkhope inali itafiira ngati phwetekere wa ku Ntcheu. Ine, buluku lili m'manja, ndinagwada pa simenti pomwepo.

"Pepani agogo, ndalakwa ndine."

Anaseka mpaka kukhala pa mudigadi, chinthu chimene ife tikanachita tikanachotsedwa ntchito. Atapuma anati lamba ndinadulayo sanali wa ku Eisenach. Weniweni anadyedwa ndi galu wawo iwo ali mtsikana, ndipo bambo awo anakasoketsa wina kwa munthu wopanga zishalo za mahatchi. Wa fakitale anali winayo, uja ndinamanga bwinobwino. Miyendo inandizizira pamenepo, poganiza kuti ndikanayambira mbali inayo.

Bwana anati aitanitsa lamba woyenera. Agogo anakana, anati wa ku Limbeyo akhale pompo, ndipo alembedwe m'faelo ya mbiri ya galimotoyo. Ndinawatchulira kalembedwe ka Limbe chilembo chimodzichimodzi.

Ndinakwera basi buluku nditamanga ndi chingwe cha magetsi. Usiku mayi a kunyumba anaimba pa WhatsApp, kamera ili yoyatsa, ine osakumbukira kuvula chingwecho.

"Bambo a mwana, lamba ndinakugulirani uja ali kuti?"

"Ali pa BMW, mayi."

"BMW yo ndi ya mkazi wanji?"