Zaka zisanu tikulimbana ndi in, on ndi at

Kasukulu kathu ka masana kakwanitsa zaka zisanu. Makolo atsopano amandifunsa kawirikawiri kuti bwanji pabolodi pathu pamadzaza timawu ting'onoting'ono tokhatokha, ndiye ndati lero ndifotokoze komwe tachokera.

Tinayamba mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Ndinkaphunzitsa pa sukulu ina yapulaiveti muno mu Blantyre, ndipo malipiro anaima tsiku lomwe geti linatsekedwa. Ndinangoyala mphasa pakhonde kwathu ku Chilobwe n'kuyamba ndi ana anga awiri ndi a aneba atatu. Bolodi inali chitseko chakale chomwe ndinachipaka penti yakuda.

Tsiku lina mtsikana wa Sitandade 7 analemba kuti, "My mother sells tomatoes on the market." Nditamudula ndi cholembera chofiira anandiyang'ana modabwa. "Madamu, si pamsika? Paja munati pa ndi on." Ndinasowa chonena, chifukwa mwanayo sananame. Patebulo ndi on the table, zoona. Koma pamsika ndi at the market, padzuwa ndi in the sun, pachithunzi ndi in the picture. Pa wathu mmodzi yemweyo, m'Chingerezi wagawika patatu. Nanga ku? Ndikupita ku Limbe ndi to, ndili ku Limbe ndi in, ndikuchokera ku Limbe ndi from. Ife ntchitoyo timaisiyira mneni, Chingerezi chimaisenzetsa mperekezi. Mwana amene akulakwitsa apa si mbuli ayi, akungoganiza bwinobwino m'Chichewa chake.

Kuyambira pamenepo ndinasiya zoloweza pamtima. Tili ndi katoni, beseni ndi zitsekerero za mabotolo zodzaza jumbo. Ndikati under the bench, mwana amakwawa n'kulowadi kunsi kwa benchi, anzake ali chikhakhali. Ndikati between, amakaima pakati pa anzake awiri. Chimene thupi lachita mutu suiwala msanga. Za nthawi timazigawa motere: ola ndi at, tsiku ndi on, mwezi ndi chaka ndi in. At 7 o'clock, on Monday, in March. Ndiye pali zina zopanda chifukwa chomveka, monga in the morning koma at night, in a car koma on a bus. Pamenepo sindiwanamiza ana kuti pali lamulo. Ndimangoti eniake anazipanga choncho, tiyeni tiziyimbe mpaka zikhazikike.

Ena amati timawu timeneti n'tosachedwa nato. Ine ndimakana. Pa mayeso a Sitandade 8 a MANEB, kupatula Chichewa, mapepala onse amabwera m'Chingerezi. Mwana wosasiyanitsa divide by ndi divide into amaluza malikisi a masamu pomwe masamuwo amawadziwa. Kutsogolo ku MSCE, wolephera Chingerezi satifiketi saiona.

Pofika 2022 khonde linachepa, tinachita lendi chipinda. Ndinakongola ndalama kuti ndigule mabenchi, ndipo kalipentala wina analandira theka la ndalamazo n'kuyamba nyimbo ya mawa mawa. Mpaka lero mabenchi aja akadali kuuma penti. Bambo inu, ngati mukuwerenga izi, moni.

Koma zonsezi n'zochepa poyerekeza ndi Malichi 2023. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, Chilobwe inalira. Ena mwa ana athu anataya nyumba, ena abale awo, ndipo za zimenezo sindilemba zambiri. Ife khoma la chipinda chathu linagwa. Nditapitako ndinapeza makadi omwe ndinajambula pamanja kwa zaka zitatu asanduka phala, mabuku atafufuma ngati buledi wonyikidwa mu tiyi. Sabata yomweyo, matope asanaume n'komwe, amene anandikongoza uja anatumiza mnyamata kudzakumbutsa za chiwongoladzanja. Ndinabweza zonse mpaka tambala yomaliza, koma pakhomo pawo sindidzagogodanso. Miyezi iwiri sitinaphunzire, ndipo ndinatsala pang'ono kukayamba geni ya kaunjika ku Limbe. Amene anandibweza ndi ana anayi omwe anafika pakhomo Loweruka lina atanyamula zitsekerero m'matumba, ati tiyamba liti.

Ndiye zikomo zanga n'zambiri. Amuna anga, amene anapirira choko m'nyumba monse ndi phokoso la ana pomwe iwo akuchokera kuntchito ya usiku. Amayi anga, amene mpaka pano amatolera zitsekerero kulikonse akupita. Amayi a banki m'khonde yathu, amene anandidikira osandichititsa manyazi. Akuluakulu a kumpingo, amene anatibwereka chipinda ndi mabenchi khoma litagwa. Atsikana awiri amene ndimaphunzitsa nawo, omwe anagwirapo mwezi wathunthu osalandira kanthu. Makolo amene munkalipira ngakhale kwacha itagwa mu Novembala 2023 zinthu zonse n'kukwera, ndi inu amene munkabwera ndi chigoba cha ufa m'malo mwa ndalama, Mulungu akudalitseni. Mtsikana wa pamsika uja ali ku sekondale tsopano, ndipo patchuthi amabwera kudzathandiza ang'onoang'ono. Amawadula on the market ndi nkhanza kuposa ine.

Malo alipo a teremu ikubwerayi, kuyambira Sitandade 3 mpaka 8. Timaphunzira masana ana akaweruka, Lolemba mpaka Lachinayi, ndipo Loweruka m'mawa ndi la a Sitandade 8 okha. Gulu lililonse sitipyola ana 15, chifukwa aliyense ayenera kupeza mpata wokwawa kunsi kwa benchi. Tsiku loyamba ndi laulere, kholo likhale kumbuyo lidzionere lokha. Malipiro timakambirana, ndipo mutha kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ngakhale pang'onopang'ono. Ana awiri a nyumba imodzi timatsitsako. Mwana abwere ndi kope, pensulo, ndi zitsekerero zisanu zotsuka bwino.