Mthiko wa ambuya unatuluka wamanzere

Lolemba ndinapita kwa ambuya ku Kapata, kuno ku Chipata, kukabwereka mthiko wawo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe mdzukulu, anzako amajambula njovu n'kukagulitsa kwa azungu ku Mfuwe. Iwe ukufuna mthiko?" Sananame, lendi imachokera pa njovu ndi nyalugwe. Koma chaka chino ndinatsimikiza zosindikizako zam'khichini: mbaula, lichero, mtondo, mthiko. Ndinawauza za Andy Warhol, wojambula wa ku America, amene mu 1962 anatchuka ndi zithunzi 32 za zitini za supu ya Campbell. Iwo anangofunsa ngati supuyo anamwa.

Ntchito yanga ndi kusema chithunzi pa lino (chinthu chophwatalala chonga labala, chofewa kusema), kupaka inki ndi rola, n'kugoneka pepala pamwamba. Pamene ndasema pamatuluka poyera, pamene ndasiya ndi pamene pamagwira inki. Makina ndilibe, ndimatikita kumbuyo kwa pepala ndi supuni mpaka dzanja kuchita dzanzi.

Mthiko wa ambuya unaperepeseka mbali imodzi, kumene umakhula poto akamavundula nsima, ndipo chogwirira chinada ndi utsi. Lachiwiri lonse ndinathera pamenepo, kusema pang'onopang'ono. Mithiko yatsopano ya pa Saturday Market ndi yofanana yonse. Uwu wokha ndi umene ungakuuze dzanja la mwini wake.

Lachitatu ndinasindikiza pepala loyamba n'kuthamanga nalo inki isanaume. Ambuya analigwira patali, n'kulibweretsa pafupi. "Uwu si wanga. Uwu ndi mthiko wa munthu wamanzere. Ine sindinavundulepo nsima ndi manzere chibadwire."

Ndinasowa pogwira. Chosindikiza chimatuluka chotembenuka ngati pagalasi, zimenezi wophunzira amauzidwa tsiku loyamba. Kungoti njovu ikayang'ana uku kapena uko, palibe amadandaula, ndiye ndinali nditazolowera kusema mosatembenuza. Linoyo ndimaitanitsa ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500, ndipo chidutswa chotayika chimapweteka m'thumba. Lachinayi ndinayambiranso, galasi lometera ndevu lili patsogolo, ndikuyang'ana mthiko wa m'galasimo.

Lachisanu magetsi anathima masana, ndinangotulutsa tebulo pakhonde. Fumbi linawononga mapepala atatu. Otsala 20 ndinawapachika pachingwe ndi mapegi ochapira, ndipo atauma ndinalemba manambala ndi pensulo, 1/20 mpaka 20/20. Ena ndikufuna ndikawayese ku Henry Tayali Gallery, malo oonetsera zojambula ku Showgrounds ku Lusaka. Tayali mwini, wojambula wa ku Zambia amene anamwalira mu 1987, ankasema pa thabwa zithunzi za anthu wamba, choncho mthiko sungakhale mlendo kumeneko.

Loweruka m'mawa kunabwera mwana atatumidwa. Ambuya akuti chithunzi chatsopano chili bwino ndithu, koma atopa kubwereka mthiko kwa aneba, wawo ubwere lero lomwe.