Anyani a panjira ya ku Songo

Tinanyamuka ku Ulongwe kusanache, ine ndi amalume, pa chapa (minibasi) yodzaza mpaka pakhomo. Pofika ku Moatize majuzi onse anali atavulidwa. Titawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, dzuwa la ku Tete linatilandira mopanda chisoni. Ife a ku Angónia kutentha kotere sitikuzolowera.

Tikukwera mapiri olowera ku Songo, tauni ya pafupi ndi damu la Cahora Bassa, galimoto inatentha injini, tonse n'kutsika. Patsidya pa msewu panali gulu la anyani, ena akugubuduza miyala kufunafuna tizilombo.

"Kodi si awa aja unandionetsa pa foni, osema mikondo?" anafunsa amalume.

"Ayi amalume, aja ndi achimpanzi. Kuno ku Mozambique kulibe."

Koma dziko la achimpanzi osema mikondowo ndi longa lomweli. Ku Fongoli, kum'mwera chakum'mawa kwa Senegal, achimpanzi amakhala m'tchire louma, lotentha kupitirira madigiri 40. Masana amabisala m'mapanga, ena n'kukhala m'zithaphwi ngati anthu. Mu 2007 wofufuza za nyama Jill Pruetz ndi mnzake analengeza kuti achimpanziwo amathyola nthambi, kuisadza masamba, kuisongola ndi mano, kenako n'kubaya m'mphako momwe changa wagona. Ochita zimenezi kwambiri ndi aakazi. Amalume anaseka mpaka kutsokomola: "Ndiye kuti ndiwo amafuna ndi amayi, kulikonse!"

Za mikondo sanazikhulupirire kwenikweni. Zinawagwira mtima ndi za ku Gombe, ku Tanzania, kumene wofufuza wina, Jane Goodall, mu 1960 anaona chimpanzi akulowetsa udzu m'chulu n'kuutulutsa uli ndi chiswe. Apa amalume anangoti duu. Kenaka anazula kaudzu, n'kundionetsa mmene ankachitira ali kubusa ng'ombe: kulowetsa pang'onopang'ono, kudikira kuti chiswe cha mitu ikuluikulu chilume, kukoka osagwedeza. Ukapupuluma chimayoyoka chonse. Ine ndawerenga zambiri za nyamazi, koma dzanja lodziwa ntchitoyo ndinaliona tsiku limenelo.

Ndinawauzanso kuti ku Fongoli okumba golide akulowerera tchire la achimpanziwo. Sanadabwe. Anangoloza matumba a makala omwe anandandalikidwa m'mbali mwa msewu.

Dalaivala anathira madzi m'galimoto, tinakwera. Damu la Cahora Bassa tinaliona dzuwa litapendeka, amalume kaudzu kaja kali kukamwa.