Cholowa cha Amang'anja pa nthawi ya ukapolo

Kale ku Chikwawa ndi Nsanje, munda sunali wa bambo. Mwa Amang'anja, mwamuna ankakhala chikamwini, kulima pa nthaka ya akumkazi. Akamwalira, madimba a m'mbali mwa Shire ndi minda ya kumtunda zinkatsala m'manja mwa mbumba ya mkaziyo. Za iye mwini, monga makasu, mbuzi, nsalu za thonje ndi dzina, zinkapita kwa mng'ono wake kapena mwana wa mlongo wake.

Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu nawonso ankawerengedwa pa cholowacho. Wina ankagwa ukapolo ngati chikole cha mlandu, wina chifukwa cha njala, makamaka ya 1862 ndi 1863. Mdzakazi ndiye ankafunidwa kwambiri, ndipo chifukwa chake n'choonekeratu: analibe mtsibweni woti adzatenge ana ake, choncho anawo ankakhala a mwamuna yekha. Apa m'pamene mikangano inkabuka. Mwana wa mdzakazi wakulira pamudzipo, walima dimba lomwelo, koma pa maliro a bambo ake mwana wa mlongo wa malemuyo ankamukumbutsa kumene mayi ake anachokera. Mlandu ukagwa pamudzi, woyamba kuperekedwa anali mwana wa mdzakaziyo.

Amakololo, anthu ochokera kumtunda kwa mtsinje wa Zambezi amene anatsala m'chigwa cha Shire atabwera ndi David Livingstone, monga Kasisi ndi Chipatula, anasokoneza dongosololi. Anasonkhanitsa othawa nkhondo m'malinga mwawo, anakwatira akazi ambiri, ndipo ufumu unayamba kupita kwa ana awo enieni.