Katsabola pa benchi la sikelo

Lachitatu ndinafika kunyumba mtima uli m'malere, nsima sinalowe. M'mawa wa tsikulo mayi wina wa ku Chikanda anabwera kuchipatala kumene ndimagwira ntchito ya unamwino ndi mwana wa zaka zinayi, thupi lonse lili matuza, ena ataphulika n'kuyamba mafinya, mpaka m'kamwa. Mwanayo ankapuma mobanika. Anali katsabola, koma osati uja wozolowereka woti mwana amakanda masiku angapo kenako n'kubwerera kosewera. Mwanayu ali pa ma ARV.

Chimene chandikwiyitsa mpaka lero n'chakuti mayiwo anakhala pamzere kuyambira 6 koloko, pa benchi limodzi ndi amayi oyembekezera, chifukwa kwathu kuno shedi ndi imodzi yokha. Anzanga mukudziwa kuti kachilombo ka katsabola kamayenda mu mpweya, ndiponso kuopsa kwake kwa mayi wapakati amene sanadwalepo ali mwana. Nkhani ya kachipinda kopatulira odwala zotupa takhala tikuinena m'misonkhano chaka chonse. Ngakhale mpox, matenda ena a zotupa opatsirana, atapezeka m'dziko muno mu 2025, tinalandira mapositala okha, chipinda ayi.

Ndinathamangira ku famase kukafuna acyclovir, mankhwala olimbana ndi kachilombo ka katsabola. Palibe. Calamine, wopaka pochepetsa kuyabwa, nayenso anatha kalekale. Ndinalemba kalata yomutumiza kuchipatala chachikulu, ambulansi ilibe mafuta, mayi n'kubereka mwana wamatuzayo kukwera kabaza. Asananyamuke ndinawafunsa chimene anam'mwetsa kunyumba. Anati asipilini wa pagolosale. Ndinawachonderera kuti asadzabwerezenso, chifukwa asipilini pa mwana wa katsabola amatha kuwononga chiwindi ndi ubongo. Panado yekha basi.

Apo m'pamene anatulutsa buku la sikelo, lokutidwa bwino m'pepala la pulasitiki.

"Anesi, taonani. Katemera yense anabayitsa, wa chikuku kawiri konse. Nanga izi zachokera kuti?"

Ndinaona masamba onse. Zoonadi, sanadumphe ngakhale tsiku limodzi, wa miyezi 9 ndi wa miyezi 15 omwe. Ndinawauza kuti, "Mayi, inu simunalakwitse kalikonse. Chikuku ndi katsabola ndi matenda awiri osiyana, ndipo katemera wa katsabola sali pa mndandanda wa boma." Katemerayo alipo, anapangidwa ku Japan m'zaka za m'ma 1970, ndipo ku America ana akhala akubayidwa kuyambira 1995. Ndikumvetsa kuti ndalama zinayamba zapita ku katemera wa rota (matenda otsegula m'mimba), malungo ndi taifodi, amene amapha ana ambiri. Koma mayi akachoka poganiza kuti katemera sagwira ntchito, akafika ku Mpondabwino akauza anzake khumi, ndipo mwezi wamawa ndife tidzavutike kuwasaka.

Masiku enawo zinali zomwe mumazidziwa: malungo, chifuwa, kutsegula m'mimba, anamwino awiri pamzere wofika kugeti. Ana ena a katsabola anabwera ndithu, angapo a sukulu imodzi ya mkaka ku Chinamwali. Tinawauza akhale pakhomo mpaka matuza onse atauma. Palibe mkulu amene wafunsa kuti akwana angati mwezi uno.

Lachisanu ndinakhala pansi ndi kaundula wa Lachitatu, n'kulemba m'kope langa amayi onse oyembekezera amene anali pa benchi lija. Katsabola amaonekera pakati pa masiku 10 ndi 21 munthu atatengera kachilomboka. Mayinawo ndawapatsa alangizi a zaumoyo kuti aziwayendera. Mmodzi mwa amayiwo watsala ndi masabata awiri kuti achire.